Ampulifaya ya m'chitini cha sikono

Gumbagumba ija tinaipeza pa Sande yoyeretsa tchalitchi, itakwiriridwa ndi mabenchi othyoka m'kachipinda kosungiramo katundu. Chiswe chinali chitamaliza mbali imodzi ya bokosi lake ndipo makoswe anali atatafuna mawaya. A dikoni aakulu anati banja lina linaipereka ku mpingo kalekale, bambo wa m'banjamo atabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo palibe amene ankakumbukira chaka chimene inalira komaliza. Anatiuza kuti tiinyamule tikaiponye kudzala. Tikuikoka, chikatoni cha kumbuyo kwake chinagwa, ndipo tinaona timabotolo tagalasi titaimirira pamzere pa chitsulo chodzaza fumbi, tokhala ngati mababu koma topanda polowetsera m'denga.

Tinalipo atatu, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, tonse a chaka chachiwiri pa maphunziro a zauphunzitsi. Tonse tinachokera ku sekondale za mpingo ndipo Physics tinakhoza bwino pa MSCE. Awiri mwa ife tili ndi baji ya zamagetsi ya ku Pathfinder, yosokereratu pa lamba. Komabe tinaima pamenepo mphindi zingapo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatha kutchula dzina la chinthu chimodzi mwa zimene tinkaziona. Manyazi amenewo ndiwo anatipangitsa kupempha a dikoni kuti atipatse gumbagumbayo m'malo moitaya.

Mumpingo mwathu muli bambo wina wachikulire amene aliyense amangowatchula kuti agogo a mawailesi. Ali anyamata anagwirapo ntchito ku fakitale ya mawailesi ku Bulawayo, kenako anabwerera kumudzi n'kutsegula kashopu kokonzeramo mawailesi pa malo ena ochitira malonda. Masiku ano maso awo ali ndi ng'ala ndipo manja amanjenjemera, moti bukhu la Sukulu ya Sabata amachita kuwerengeredwa. Tinawapititsira chitsulo chija pa wilibala. Anachisisita ndi zala, nazula kabotolo kamodzi pokagwedeza pang'onopang'ono, nati, "Adzukulu, tandiwerengereni zimene zalembedwa apa." Tinapukuta ndi malaya (kumeneko kunali kulakwa koyamba, chifukwa zilembo za pa magalasi amenewa zimafufutika msanga) ndipo tinawerenga zimene zinatsala: EL84. Ina inali EZ80. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Anati amenewa ndi mavalavu, ndipo ngati awiriwa ali moyo pamodzi ndi mathiransifoma awiri amene anali pa chitsulopo, ndiye kuti tili kale ndi theka la ampulifaya.

Sanavomere tsiku lomwelo kuti atithandiza. Anayamba atifunsa ngati timamvera tikauzidwa chinthu kamodzi. Kenako anatipatsa malamulo awo. Magetsi akakhala kuti ayaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, kuti ngati wina wagwidwa, mphamvuyo isadutse pamtima kuchoka dzanja ili kupita linalo. Munthu asagwire ntchitoyi ali yekha. Ukazimitsa, usakhudze kanthu usanayeze ndi mita. Ndipo ampulifaya ya mavalavu isayatsidwe popanda sipika, chifukwa thiransifoma ya kumapeto imatha kupsa. Tinagwedeza mitu monga mmene timachitira m'kalasi. Tinkaganiza kuti zinthu zimene zili m'kati mwa wailesi n'zofooka kuposa magetsi a 230 volts a pakhoma, osadziwa kuti thiransifoma yaikulu ija imawakweza kuposa pamenepo.

Mmene valavu imagwirira ntchito anatifotokozera titakhala pakhonde, pogwiritsa ntchito dimba. M'kati mwa galasimo mulibe mpweya. Pakati pali kachitsulo kamene kamatenthetsedwa ndi kawaya ka 6.3 volts mpaka kufiira, ndipo kakatentha kamatulutsa ma electron. Kunja kwake kuli chitsulo china chokhala ndi pafupifupi 250 volts chimene chimawakoka. Pakati pa ziwirizi pali kawaya kopyapyala kozungulizidwa ngati sefa. "Kameneko ndiye kachitseko ka pa ngalande," anatero agogo. "Mwana wamng'ono akhoza kukakweza kapena kukatsitsa ndi dzanja limodzi, koma madzi amene akulamula ndi a mtsinje." Mawu ofooka ochokera ku foni kapena ku maikolofoni amangogwedeza kachitsekoko, ndipo magetsi ochuluka amene akudutsa amatsatira kugwedezekako. Mphamvu ya mawu aakulu otuluka ku sipika imachokera pakhoma, osati ku foni. Zimenezi tinazilembapo pa mayeso ponena za thiranzisita, koma zinalowa m'mutu tsiku limenelo.

Titabwerera ku laibulale tinapeza mayina a anthu amene anayambitsa zonsezi. John Ambrose Fleming wa ku England anapanga valavu yoyamba mu 1904, ya zitsulo ziwiri zokha, yongolola magetsi kudutsa mbali imodzi. Ntchito imeneyi ndi imene EZ80 yathu imagwira. Lee de Forest wa ku America ndiye anawonjezera kachitseko kaja mu 1906, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa wailesi, zokuzira mawu ndi makompyuta oyamba. Pamene H. M. S. Richards ankayamba kulalikira pa wailesi ku Los Angeles mu 1929, utumiki umene unadzakhala Voice of Prophecy, mawu ake ankadutsa m'mavalavu kuyambira pa maikolofoni mpaka m'nyumba za omvera. Thiranzisita inatulukira ku Bell Laboratories mu 1947 ndipo m'zaka zotsatira inachotsa mavalavu pafupifupi paliponse. Sanatheretu ayi. Makina a X-ray a m'zipatala ndi ma microwave a m'khitchini amadalirabe machubu opanda mpweya, ndipo oimba magitala amawafunabe, n'chifukwa chake EL84 ikupangidwabe mpaka lero ku Slovakia, ku Russia ndi ku China.

Bokosi la gumbagumba linali litatha, ndiye panafunika pomangira pena. Apa m'pamene agogo anatiuza za wailesi yoyamba imene iwo anaiona ali mwana. Inali yobulungira, yamtundu wa buluu, ndipo thupi lake linali ngati sefuliya ya aluminiyamu yopanda chogwirira. Tinaganiza kuti akutiseka, koma n'zoona. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain inayamba kupanga wailesi yotchipa ya mavalavu, yoyendera batire, imene inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special. Anailimbikitsa ndi Harry Franklin, amene ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, kuti anthu wamba azimvera siteshoni ya ku Lusaka imene inkaulutsanso m'Chinyanja mpaka kuno ku Nyasaland. Inkagulidwa mapaundi 5. "Ngati azungu anamangira m'sefuliya, inu mukuvutikiranji?" anatero agogo. Agogo aakazi, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anatuluka ndi chitini chakale chophikira sikono, chakuda m'makona. Anatipatsa, koma anatichenjeza kuti tikalephera tidzawagulire china chatsopano, popeza chabowoledwa.

Zipangizo zina zinatitengera milungu itatu. Valavu yachitatu, ECC83, imene imayamba kukuza mawu asanafike ku EL84, agogo anaitulutsa m'chitini chawo cha mabisiketi, itakulungidwa m'sokosi. Marezisita ndi makapasita tinakawafuna ku Limbe, titasonkha ndalama za sopo ndi za mandasi. Ogulitsa ambiri ali ndi makapasita a 25 kapena 50 volts ogwiritsa ntchito m'mawailesi a masiku ano, ndipo tikatchula 450 volts ankatiyang'ana kawiri. Wina anatifunsa chimene tikupanga, ndipo titamuuza anatilozera kasipika ka Bluetooth kamene kanali pa shelefu, nati tingogula kameneko tisiye kuzunzika. Sanalakwe kwenikweni. Makapasita aakulu tinawapeza kwa munthu wina wophwasula ma TV akale. Chimene chinativuta kopambana ndi babu wamba la 60 watts, lija la kawaya m'kati. Agogo ankalifuna kuti likhale panjira ya magetsi poyatsa koyamba, kuti ngati talumikiza molakwika babulo liwale kwambiri n'kumeza mphamvuyo m'malo moti thiransifoma ipse. Mababu a LED sagwira ntchito imeneyi, ndipo akale aja akusowa. Tinalipeza m'khola la nkhuku la mayi wina amene amatenthetsera anapiye.

Ndalama zinatha tisanagule kapasita imodzi yaing'ono, yolumikiza ECC83 ndi EL84. Pa chitsulo chakale chija panali ina ya muyeso womwewo, yokutidwa ndi phula. Agogo anali atanena kale kuti makapasita onse a phula tiwataye. Tinakambirana atatu panjira, tinagwirizana kuti imodzi yokha singavute, ndipo tinaiika osawauza. Maso awo sakanatha kuona.

Kumanga kwenikweniko kunatenga ma Sande asanu ndi masana angapo a Lachisanu. Tinaboola chitini ndi msomali, n'kukulitsa mabowo ndi tupa mpaka zala zinatuluka matuza. Kuwotcherera mawaya ndi mtovu kunaoneka kophweka mpaka titayesa. Anyamatafe tinkaunjika mtovu ngati phala, ndipo agogo akagwira ndi chala n'kukoka, waya ankangosololoka. Mtsikana uja ndiye anazigwira msanga: kutenthetsa waya ndi kamwendo komwe, kenako n'kukhudzitsa mtovu pang'ono kuti uyende wokha. Kuyambira Sande yachitatu chowotcherera chinali chake, enafe tinkadula mawaya ndi kuwerenga mitundu ya marezisita. Chitini tinachilumikiza ku waya wa earth wa pulagi ya mano atatu, tinaikanso fyuzi. Agogo anatiuza kuti mawailesi ena akale analibe thiransifoma yaikulu ndipo chitsulo chawo chinkalumikizidwa mwachindunji ku magetsi a pakhoma. Mukapeza yotero kwanu, makamaka ya mavalavu oyamba ndi chilembo U, musaiyese n'komwe.

Lachisanu lina madzulo tinatsala ndi mawaya awiri okha opita ku sipika. Dzuwa linali litapendeka kuseri kwa mitengo ya bulugamu koma kunali kowala. Tinawerengera kuti mphindi 10 zikwana kuwotcherera, n'kuyatsa, n'kumva ngati ikulira, ndipo tikhozabe kuthamanga kukasamba tisanapite kotsegulira Sabata. Agogo sanatilalikire. Anangofunsa nthawi, anapapasa pakhoma n'kuzula pulagi ya chowotcherera, nauza agogo aakazi kuti abweretse nsalu. Chitini chinafundidwa. Panjira tinadandaula kuti dzuwa linali lisanalowe, ndipo mwa malamulo tinali ndi mfundo. Koma tikudziwa tokha kuti ikanalira, mitima yathu ikanakhala pa chitinicho Sabata lonse, ndipo ikanakana, tikanakhala mu ulaliki tikuyendayenda m'mawaya. Ngakhale choncho sitinganame kuti ulaliki wa tsiku limenelo tinaumva wonse. Agogo aakazi anadzatiuza pambuyo pake kuti amuna awo anachoka ku Bulawayo chifukwa chokana kugwira ntchito tsiku la Sabata. Iwo eni sanatchulepo nkhaniyi.

Sande m'mawa tinawotcherera mawaya awiri aja. Tinayatsa kudzera pa babu la m'khola: linawala kamodzi n'kuzirala, monga mmene agogo ananenera kuti lidzachitira ngati zonse zili bwino. Mavalavu anayamba kufiira pang'onopang'ono pakati. Kwa masekondi angapo kunalibe chilichonse, ndipo kwa anthu ozolowera foni nthawi imeneyi ndi yaitali. Kenako sipika inayamba kung'ung'udza chapansipansi. Tinalumikiza foni, tinaika nyimbo ya kwaya ya kwathu, ndipo mawu anatuluka m'chitini cha sikono. Tinakuwa mpaka ana a pafupi anathamangira kudzaona. Tinachotsa babu lija n'kulumikiza mwachindunji pakhoma.

Nyimbo yachiwiri isanathe mawu anayamba kusasa. Agogo anadzutsa mutu n'kununkhiza. "Chikupsa n'chiyani? Tayang'anani valavu yaikuluyo, chitsulo chake chakunja chili bwanji?" Chinali chitayamba kufiira ngati khala, pamalo pamene payenera kukhala potuwa. Anakuwa kuti tizimitse. Rezisita ya pansi pa EL84 inali itada ndipo inkatuluka kautsi. EL84 tinali nayo imodzi yokha, ndipo ndalama yoitanitsira ina kunja panalibe.

Valavu itazizira anatiuza kuti tiizule, tiyatsenso popanda iyo, ndipo tiyeze pa kabowo kachiwiri ka pamene imakhala, kolowera kachitseko kaja. Pamenepo mita iyenera kuonetsa ziro. Inaonetsa ma volts angapo. Agogo anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Kapasita ya pakatiyo munagula kuti?" Palibe anayankha. "Ndi ya phula eti?" Tinavomera. Anafotokoza kuti pepala la m'kati mwa makapasita amenewa limayamwa chinyontho pakapita zaka, ndiye limayamba kudutsitsa magetsi amene limayenera kutchinga. Magetsi a ku ECC83 ankadontha n'kukankha kachitseko ka EL84 kuti katseguke kopitirira, valavuyo n'kumamwa mphamvu yoposa imene ingathe. Sanatikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangoti iwo anatipatsa maso awo pa ntchitoyi chifukwa awo anatha, ndiye ngati tiwabisira zimene tikuona, palibe chimene angatithandize.

Chachiwiri chinachitika mphindi zomwezo. Mnzathu wina, pofuna kukonza cholakwacho msanga, anazimitsa, anazula pulagi n'kutembenuza chitini kuti adule kapasita ija. Agogo atamva chitini chikukhulika patebulo anafunsa funso lawo la masiku onse: "Mwayeza?" Anabweza dzanja. Mita inaonetsa ma volts oposa 300 pa makapasita aakulu, pulagi ili pansi. Masiku ena EL84 ikakhala yotentha imamwa mphamvu yotsalayo ukazimitsa, koma tsiku limenelo inali patebulo, ndiye panalibe choichotsa. Sande yotsatira tinaikapo rezisita yokhetsa mphamvuyo pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero timayezabe.

Kapasita yatsopano agogo aakazi ndiwo anatikongoza ndalama yake. Titaiika pamodzi ndi rezisita ina yolimba ya 150 ohms, tinayatsa mitima ili m'mwamba. Chitsulo cha EL84 chinakhala chotuwa. Agogo anati tiyeze pa rezisitayo, ndipo tinapeza pafupifupi 7.5 volts. "Ndiye valavuyo ikumwa zingati?" anafunsa. Tinayang'anana, kenako mtsikana uja analemba pansi ndi kamtengo: 7.5 kugawa ndi 150, yankho 0.05 amps. Ndi lamulo la Ohm limene tinaliloweza ku Fomu 3 n'kuliyankha pa mapepala osawerengeka. Aka kanali koyamba kuti yankho lake litiuze ngati chinthu chathu chipulumuke kapena ayi. Agogo, amene sukulu analekezera ku pulayimale, anali atayankha kale m'mutu.

Kung'ung'udza kuja kunatitengera mwezi wina. Magetsi a ESCOM amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo mawaya otenthetsera mavalavu akadutsa pafupi ndi waya wa mawu, kunjenjemerako kumalowa m'nyimbo. Tinawamasula, tinawapota awiriawiri ngati chingwe cha khonje, n'kuwakankhira m'makona a chitini. Mawaya onse opita ku chitini tinawasonkhanitsa pamalo amodzi m'malo mowamwaza. Phokoso linachepa kwambiri, koma silinathe.

A dikoni aakulu atamva kuti yatheka anabwera ndi chiyembekezo choti tidzaigwiritsa ntchito ku msonkhano wa misasa. Tinayenera kuwauza zoona. EL84 imodzi imatulutsa ma watts osapitirira 5 kapena 6, ndipo yathuyi mwina sifikanso pamenepo. Imakwana pabalaza, osati pansi pa msasa wa anthu mazana. Ma watts oposa 10 amangothera kutenthetsa mavalavu atatuwo, ndipo imamwa magetsi ofanana kaya ikuimba kaya ili chete. Magetsi akathima, nayonso yathima, pamene kasipika ka ku Limbe kaja kamaimbabe ndi batire. Anthu ena amati mawu a mavalavu ndi okoma kuposa a thiranzisita. Kwa ife amamveka okoma ndithu, makamaka besi ya amuna anayi oimba popanda zing'wenyeng'wenye, koma ndife mboni zokondera, popeza tinapsa nayo zala. A dikoni anagogoda chitinicho ndi chala, anati n'zabwino kuti achinyamata ali ndi chochita, ndipo anapita.

M'kalasi ya nzeru za maphunziro tinawerenga bukhu la Ellen White lotchedwa Education, la 1903, limene limalimbikitsa kuti ntchito ya manja iziyendera limodzi ndi ya m'mabuku. Tinalembapo mayeso ndipo tinakhoza, monga mmene tinakhozera Physics. Chaka chamawa tikupita kukayeserera kuphunzitsa, mwina pa sukulu zopanda labotale, ndipo takhala tikukangana kuti tidzatenge chiyani. Ampulifaya yeniyeniyo siyingalowe m'kalasi la ana 80 ili ndi 300 volts pansi pake. Tagwirizana kudzatenga mita, mabatire, marezisita ochepa, ndi kapasita ya phula ija, imene tinaisunga m'bokosi la machesi.

Ampulifayayo inatsala kwa agogo. Foni yawo ili ndi kasipika kakang'ono kamene makutu awo sakamva bwino, ndiye tsopano timasinthana kuwerenga phunziro la Sukulu ya Sabata la mlungu wonse, kujambula mawu athu pa foniyo, ndipo mdzukulu wawo amawalumikizira m'mawa uliwonse. Sabata lapitali tinakatsekera Sabata kunyumba kwawo. Titamaliza kupemphera tinayatsa, ndipo podikira kuti mavalavu atenthe agogo anatiuza kuti tikhale chete. Anapendeketsa mutu kufupi ndi sipika kwa kanthawi. Ife sitinkamva kanthu. Iwo anati kung'ung'udza kudakalipo, ndipo akuganiza kuti thiransifoma yaing'ono tinaiika moyang'ana mbali imodzi ndi yaikulu, pamene iyenera kukhala chopingasa. Pafunika kuboolanso chitini mabowo awiri. Agogo aakazi anati msomali uli pa windo pamene tinausiya.